Kumwamba kulibe malire, koma kanema ali nawo: nkhani ya matchanelo akutali ku America

Pa 1 Disembala 2006, mabanja oposa 800,000 a ku America omwe ankaonera TV kudzera ku kampani ya Dish Network anadzuka n'kupeza matchanelo ena akuluakulu atazima. Dishi inali chilili padenga, dikoda ili bwinobwino, ndalama ya mwezi atalipira. Setilaiti nayo sinasunthe pamalo pake. Chimene chinazimitsa matchanelowo ndi chiletso cha khothi la ku Florida. Patapita zaka 13 ndi theka, makasitomala ena a kampani inzake ya DirecTV analandira uthenga woti kuyambira pa 1 Juni 2020 nawonso akhoza kutaya matchanelo a mtundu womwewo, ulendo uno chifukwa cha lamulo latsopano.

Amene amamva nkhani zotere ali kuno, kapena amene angofika kumene ku America n'kufuna kumangitsa dishi, funso lawo limakhala limodzi. Setilaiti ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo imodzi yokha imatha kuwaza mafunde ake dziko lonselo. Nanga munthu wokhala ku Montana, ndalama ali nazo, chimamuletsa n'chiyani kuonera siteshoni ya ku New York? Zipangizo sizimuletsa. Chomuletsa ndi mmene dzikolo analigawira m'misika, komanso lonjezo limene eni masiteshoni anapatsidwa loti aliyense msika wake ndi wake.

Netiweki ndi china, siteshoni ndi china

Kwathu kuno mawu oti netiweki timawadziwira pa foni. Pa nkhani ya TV ku America amatanthauza kampani yaikulu imene imakonza kapena kugula mapulogalamu n'kumawagawira masiteshoni ambirimbiri. Manetiweki akuluakulu alipo anayi: ABC, CBS, NBC ndi Fox.

Zimene MBC ikuonetsa ku Nsanje ndi zomwezo akuona a ku Chitipa. Ku America sizili choncho. Netiweki silowa yokha m'nyumba za anthu. Imadutsira pa siteshoni ya m'deralo, yokhala ndi nsanja yake youlutsira, atolankhani ake ndi mwini wake. ABC ili ndi masiteshoni 8 okha akeake, koma mapulogalamu ake amaulutsidwa ndi masiteshoni oposa 200 a eni ena, monga makampani a Nexstar, Sinclair ndi Gray. Netiweki imapereka masewero amadzulo, nkhani za dziko lonse ndi mpira. Siteshoni imagulitsa mphindi zina za malonda kwa amalonda a m'dera lake, n'kudzaza nthawi yotsalayo ndi nkhani zakumaloko ndi zanyengo. Msana wa mgwirizano wonsewo ndi mfundo imodzi: m'dera lino, mapulogalamu a CBS aonetsedwa ndi iwe wekha.

Taganizirani kampani yopanga zakumwa imene yapatsa munthu mmodzi depoti ya boma lonse la Mchinji. Munthuyo wamanga mosungira katundu, wagula galimoto, walemba anthu ntchito, podalira kuti aliyense wofuna chakumwacho m'bomalo adzera kwa iye. Ndiyeno tsiku lina lole yochokera ku depoti ya ku Lilongwe iyambe kusiya makireti pakhomo pa makasitomala ake. Chakumwa ndi chomwecho, womwa sakuona kusiyana, koma wa depoti ya Mchinji wagwa nayo. Setilaiti ndiyo lole ya ku Lilongwe ija.

Malire a madepoti amenewa sajambula ndi boma. Amajambula ndi Nielsen, kampani yowerengera anthu oonera TV, yomwe inagawa dzikolo m'misika 210. County iliyonse, yomwe ili ngati boma la DC kwathu kuno, imaikidwa mumsika umene masiteshoni ake amaoneredwa kwambiri ndi anthu a m'bomalo. Msika waukulu koposa ndi wa New York, wa mabanja oposa 7 miliyoni. Wochepetsetsa ndi wa Glendive ku Montana, wa mabanja osafika 5,000, komwe kwa zaka zambiri kunali siteshoni imodzi yokha yamalonda, KXGN. Tchanelo chakutali, mmene lamulo limanenera, ndi siteshoni iliyonse ya kunja kwa msika wa woonerayo. Utali wake si wa makilomita. Siteshoni ikhoza kukhala tsidya lina chabe la mtsinje, koma ngati Nielsen inaika boma lanu mumsika wina, kwa inu ndi yakutali.

Khomo limene Nyumba ya Malamulo inatsegula

M'zaka za m'ma 1980, anthu akumidzi ku America, a m'mapiri ndi m'zipululu komwe mafunde a nsanja safika, anayamba kugula madishi akuluakulu a mamita atatu. Ankakola chilichonse chodutsa mumlengalenga mwaulere, kuphatikizapo mapulogalamu amene manetiweki ankatumiza ku masiteshoni awo. Mu Januwale 1986 tchanelo cha HBO chinatseka mafunde ake kuti aoneke pa dikoda yolipira yokha, ena n'kutsatira. Apa m'pamene panabuka makampani otola siteshoni ya mumzinda waukulu, n'kuikweza pa setilaiti, n'kumaigulitsa kwa eni madishi. Funso linali lakuti chilolezo awapatsa ndani, poti pulogalamu iliyonse ili ndi mwini wake.

Makampani a TV ya pa nthambo vuto limeneli anali atathana nalo kale mu lamulo la umwini wa zaluso la 1976. A setilaiti analandira lawo mu 1988, lotchedwa Satellite Home Viewer Act, lomwe linawonjezera gawo 119 m'lamulo la umwini lija. Gawoli linapereka chiphaso chochokera ku lamulo lenilenilo, osati kwa eni mapulogalamu. Tikhoza kuchifanizira ndi mmene wailesi zathu zimalipirira ku COSOMA m'malo moyendera woimba aliyense payekha. Kampani ya setilaiti imapereka ndalama ku ofesi ya boma yoona za umwini wa zaluso ku Washington, ndalamazo n'kugawidwa kwa opanga mafilimu, mabungwe a masewera ndi ena. Mwini pulogalamu alibe mphamvu yokana, ndipo mtengo sautchula yekha. Mu 1997 unaikidwa pa masenti 27 a dola pamwezi pa kasitomala aliyense pa siteshoni iliyonse, ndipo mu 1999 aphungu anautsitsa kufika pa masenti 14.85 pa masiteshoni a netiweki.

Mtengo wotsika chonchi sukanaperekedwa popanda mpanda. Chiphasocho chinkagwira ntchito pa mabanja osafikiridwa okha, kutanthauza amene siteshoni ya m'dera lawo siwafika. Maganizo ake anali omveka: banja limene wa depoti ya Mchinji sangalifikire n'komwe, akalipatsa wa ku Lilongwe palibe waberedwa.

Wina angafunse kuti bwanji sankangokweza siteshoni ya m'dera la munthuyo. Malo pa setilaiti anali ochepa. Masiteshoni a m'madera alipo oposa 1,000, ndipo nthawi imeneyo chilichonse chokwezedwa chinkawazidwa dziko lonse. Chotchipa chinali kutenga siteshoni imodzi ya kum'mawa ndi ina ya kumadzulo pa netiweki iliyonse, kawirikawiri za ku New York ndi Los Angeles, n'kumapatsa aliyense woyenera. N'chifukwa chake mlimi wa ng'ombe ku Wyoming ankadziwa bwino za kuchulukana kwa magalimoto m'misewu ya ku Manhattan mu New York kuposa za chipale chimene chikubwera kwawo.

Aphungu sanafune kuti khomoli likhale lamuyaya. Analipatsa zaka zowerengeka, n'kumaliwonjezera mu 1994, 1999, 2004, 2010 ndi 2014. Pafupifupi zaka zisanu zilizonse eni masiteshoni ndi makampani a setilaiti ankakumana ku Washington kukakokana, ndipo nthawi iliyonse lamulo linkatuluka ndi dzina latsopano komanso zigamba zatsopano.

Banja losafikiridwa ndi liti?

Mkangano wonse unagona apa. Lamulo silinafunse ngati chithunzi chikukusangalatsani. Linafunsa ngati mafunde a siteshoni ya kwanu akufika pa nyumba yanu ndi mphamvu yokwana mulingo wotchedwa Grade B, mutaika eriyo wamba padenga. Mulingowu unakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi FCC, bungwe logwira ntchito yonga ya MACRA, ndipo cholinga chake poyamba chinali kulinganiza masiteshoni kuti asasokonezane, osati kuweruza nyumba imodzi ndi imodzi. Taonani mawu oti padenga. Kaya muli ndi eriyo kaya mulibe, kaya eni nyumba amakuletsani kukhoma chinthu padenga, lamulo linkangoyerekeza kuti eriyoyo ilipo, pamtunda wa mamita 6 pa nyumba wamba ndi mamita 9 pa nyumba yosanja.

Munthu ankatha kukhala ndi chithunzi chodzaza timadontho ngati mchenga, kapena chooneka pawiripawiri chifukwa mafunde akugunda phiri n'kubwerera, koma poyeza n'kupezeka kuti mphamvu ndi yokwana. Kwa iye TV sikuoneka. Kwa lamulo ndi wofikiridwa.

Poti kutumiza woyeza ku nyumba iliyonse kukanadya ndalama zambiri, kuyambira 1999 ntchitoyi inapatsidwa kwa kompyuta. Njira yake imatchedwa Individual Location Longley-Rice. Amalowetsamo adiresi yanu, kompyuta n'kuona utali wa nsanja, mphamvu yake ndi mapiri ali pakati, kenako n'kulosera ngati mafunde akukufikani. Ikati akukufikani, munali ndi njira ziwiri. Yoyamba inali kupempha siteshoni ya kwanuyo, kudzera ku kampani ya setilaiti, kuti ikumasuleni. Siteshoni inali ndi masiku 30 oyankha, ndipo ikangokhala chete ndiye kuti yavomera. Koma taganizirani kupempha wa depoti kuti akuloleni kukagula kwa mnzake. Ikakana, njira yachiwiri inali kuitanitsa katswiri kuti adzayeze pakhomo penipeni.

Tinene zoona, si onse ofuna matchanelo akutali amene anali m'chigwa chosafika mafunde. Pakati pa New York ndi Los Angeles pali kusiyana kwa maola atatu, ndiye wa kumadzulo wokhala ndi tchanelo cha kum'mawa ankaonera sewero la 8 koloko usiku nthawi ili 5 koloko madzulo, ndipo wa kum'mawa akaliphonya ankalipeza pa cha kumadzulo. Palinso mpira wawo uja wa NFL. Lamlungu masana CBS ndi Fox zimaonetsa masewera osiyana m'misika yosiyana, choncho tchanelo chakutali chinkabweretsa masewera amene anansi anu sakuwaona. Pomwe DirecTV mu 1994 ndi Dish mu 1996 zinabweretsa timadishi ting'onoting'ono ta masentimita 45, makasitomala sanalinso akumidzi okha. Anali a m'matauni, ofuna kusiya TV ya pa nthambo koma osafuna kutaya ABC, CBS, NBC ndi Fox.

Milandu iwiri

Woyamba kugwa m'mavuto anali PrimeTime 24, kampani yomwe inkagulitsa matchanelo akutali kudzera ku makampani a setilaiti. Njira yake yodziwira woyenera inali kumufunsa kasitomala ngati chithunzi chake chikuoneka bwino. Mwaganiza kale zimene ambiri ankayankha. Manetiweki anakasuma, ndipo mu 1998 makhothi a ku Miami ndi ku North Carolina anagamula kuti lamulo likunena za mphamvu yoyezedwa, osati mawu a pakamwa a wogula. Mu 1999 mabanja mazanamazana a masauzande anadulidwa, madandaulo n'kusefukira kwa aphungu.

Wachiwiri unali wa EchoStar, mwini wa Dish Network pa nthawiyo. Mlanduwu unayamba mu 1998 n'kukhala m'makhothi zaka zisanu ndi zitatu. Mu Meyi 2006 khothi la apilo la ku Atlanta linapeza kuti kuphwanya lamuloko sikunali kwangozi koma chizolowezi. Gawo 119 linali ndi chilango chosazembeka pa kampani yotere: kulandidwa chiphaso m'dziko lonse. Dish inayesa kukambirana, n'kulonjeza madola 100 miliyoni kwa mabungwe a masiteshoni, ndipo ambiri anavomera. Masiteshoni a Fox yeniyeni anakana. A Dish anakumbutsa anthu kuti News Corporation, mwini wa Fox, ndiye analinso ndi gawo lalikulu mu DirecTV, mpikisano wawo. Kaya chifukwa chinali chimenecho kaya ayi, woweruza ananena kuti khothi la apilo lalamula kale ndipo mgwirizano sungasinthe kanthu. Chiletso chinayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala paja, ndipo chinagwera onse, oyenera ndi osayenera omwe. Mlimi wa m'chigwa amene lamuloli linalembedwera iye anazimitsidwa limodzi ndi wa m'tauni amene ananama pa foni.

Luso litachotsa chifukwa

Pamene maloya ankakangana, mainjiniya anali akusintha maziko a nkhani yonse. Lamulo la 1999 linawonjezera gawo 122, lolola makampani a setilaiti kubweza siteshoni mumsika wake womwe popanda kulipira ndalama ya umwini ija, ndipo gawo limeneli silinapatsidwe tsiku lothera. Linabwera ndi mfundo yoti kuyambira Januwale 2002, kampani ikanyamula siteshoni imodzi mumsika, inyamule onse a mumsikawo amene apempha. Zimenezi zinatheka chifukwa cha masetilaiti atsopano omwe, m'malo mowalitsa dziko lonse ngati mwezi, amathanso kuloza kadera kamodzi ngati tochi. Njira imodzimodziyo ya mafunde ikhoza kunyamula masiteshoni a ku Seattle kumpoto ndi a ku Miami kumwera nthawi imodzi osasokonezana.

Siteshoni ya kwanu ikayamba kubwera pa dishi, chifukwa chopemphera yakutali chimatha. Lamulo la 2004 linanena zimenezo mosabisa: kumene ya kwanu ikupezeka pa setilaiti, kasitomala watsopano sangalandire yakutali. Lamulo la 2010 linapatsa Dish mwayi wobwezeredwa chiphaso chake ikafikitsa masiteshoni a m'madera m'misika yonse 210, ndipo inatero mu Juni chaka chomwecho. DirecTV inaima pa misika 198. Misika 12 yotsalayo inali ing'onoing'ono, monga Glendive ndi Helena ku Montana, Presque Isle ku Maine, Alpena ku Michigan, North Platte ku Nebraska ndi Victoria ku Texas.

Zimene zinasintha mu 2019

Lamulo la 2014 linali loti litha pa 31 Disembala 2019. Mu Juni chaka chimenecho ofesi ya umwini wa zaluso inalangiza aphungu kuti angolisiya life, ponena kuti ogwiritsa ntchito chiphasocho achepa kwambiri. Bungwe la eni masiteshoni, National Association of Broadcasters, linagwirizana nazo. A setilaiti anati makasitomala pafupifupi 870,000 akudalirabe matchanelo akutali, nambala imene eni masiteshoni ankaikayikira.

Aphungu anadutsa pakati. Lamulo limene linasainidwa pa 20 Disembala 2019 linachotsa tsiku lothera, koma linachepetsa kwambiri oyenera. Anatsala magulu awiri. Loyamba ndi la anthu opanda msika umodzi chifukwa amakhalira kuyenda: madalaivala a mathiraki ndi eni magalimoto okhala ngati nyumba, omwe amapereka mapepala a galimoto posonyeza kuti dishiyo ndi ya pagalimoto, si ya pakhomo. Lachiwiri ndi la okhala m'misika yoperewera, momwe netiweki imodzi mwa zinayi zija ilibe siteshoni. Banja la m'chigwa lija, limene kwa zaka 30 linali mwini nkhani, linachotsedwa pamndandanda, poganiza kuti tsopano lilandira siteshoni ya kwawo pa dishi. Ndipo panali chikole: kampani yofuna chiphasochi pambuyo pa 31 Meyi 2020 iyenera kunyamula masiteshoni a m'madera m'misika yonse 210. Dish inali itakwanitsa kale. DirecTV, yomwe pa nthawiyo inali m'manja mwa kampani ya AT&T, sinawonjezere misika 12 ija, choncho chiphaso chinaithera. Kuti ipitirize kupereka matchanelo akutali inayenera kukambirana yokha ndi netiweki iliyonse, pa mtengo wa pamsika.

Ndalama zimene zili pansi pa mkanganowu

Masenti a gawo 119 si amene ankakanganitsa anthu. Ndalama zenizeni zili pa chinthu china, chimene chinabwera ndi lamulo la 1992: kampani ya nthambo kapena ya setilaiti singanyamule siteshoni yamalonda popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo mwiniyo akhoza kutchula mtengo. Kwa zaka zambiri ndalama zimenezi zinali zochepa, koma pofika 2019 zinkaposa madola 10 biliyoni pachaka m'dziko lonse. Mbali ziwiri zikalephera kugwirizana, siteshoni imazima pa dikoda. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala 2023 masiteshoni oposa 150 a Nexstar anasowa pa DirecTV pa chifukwa chimenechi.

Apa m'pamene mpanda wa matchanelo akutali umaonekera ntchito yake. DirecTV ikanakhala ndi ufulu wobweretsa NBC ya mumzinda wina pa nthawi ya mkangano, kuzima kwa siteshoni ya m'deralo sikukanaopsa aliyense, ndipo mtengo ukanagwa. Popeza ilibe ufuluwo, siteshoni imakhala ndi mphamvu pokambirana.

Eni masiteshoni amati mphamvu imeneyo ndiyo imalipira atolankhani a m'deralo. Amati chimphepo chikamabwera ku Kansas, siteshoni ya ku Los Angeles singadule pulogalamu kuti ichenjeze anthu, ndipo wovota amene akuonera nkhani za mzinda wina sadziwa amene akupikisana kwawo. Pa misika 12 ija ankati chiphaso chotchipa n'chimene chinkapatsa DirecTV ulesi wofikitsako masiteshoni a kumaloko. A setilaiti ndi mabungwe ena a ogula amayankha kuti mpandawu wasanduka chida chokwezera mitengo, kuti ndalamazo pomaliza zimachoka m'thumba la woonera, ndipo kuti gawo lalikulu la ndalamazo limapita ku manetiweki ndi ku makampani akuluakulu okhala ndi masiteshoni ambirimbiri, osati ku chipinda cha nkhani cha m'tauni yaing'ono. DirecTV inkanenanso kuti m'misika ija inkathandiza makasitomala kukola masiteshoni akwawo ndi eriyo yolumikiza ku dikoda. Mbali iliyonse ili ndi mfundo imene inzake imailambalala.

Intaneti sinagwetse mpandawu. YouTube TV ndi anzake amakufunsani dera limene mumakhala, amatsimikiza ndi foni kapena kompyuta yanu, n'kukupatsani masiteshoni a msika wanu. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo alibe chiphaso cha lamulo, zonse amachita kugula pa mgwirizano. Aereo, kampani yomwe inayesa kutumiza masiteshoni pa intaneti osalipira, inagonja ku khothi lalikulu la dzikolo mu 2014. Ndipo amene akufuna masewera a NFL a kunja kwa msika wake akhoza kuwapeza, koma pogula phukusi lapadera la Sunday Ticket, lomwe linali pa DirecTV kuyambira 1994 n'kusamukira ku YouTube mu 2023.

Maboma amasiye

Pali gulu lina la anthu limene vuto lawo ndi lotembenuka: tchanelo chimene lamulo likuti n'chakutali, kwa iwo ndiye chakwawo. Misika ya Nielsen sitsata malire a zigawo. Tauni ya Durango ili m'chigawo cha Colorado, koma boma lake la La Plata lili mumsika wa Albuquerque, ku New Mexico, chifukwa Albuquerque ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 350 pomwe Denver, likulu la chigawo chawo, ili pa makilomita oposa 500 kuseri kwa mapiri. Anthu a ku Durango amavotera bwanamkubwa wa Colorado ndipo msonkho amapereka ku Colorado, koma kwa zaka zambiri nkhani za madzulo pa dishi zinkawauza za ndale za New Mexico. Maboma otere amawatcha amasiye. Kumpoto chakum'mawa kwa Georgia aliponso ena, monga Franklin ndi Hart, omwe ali mumsika wa Greenville ku South Carolina koma mtima uli ku Atlanta.

Lamulo la 2014 linatsegula kanjira. Boma la county, siteshoni kapena kampani ya setilaiti ikhoza kupempha FCC kuti siteshoni inayake iziwerengedwa ngati yakwawo m'bomalo. La Plata inapempha, ndipo mu 2017 FCC inavomera pa masiteshoni a ku Denver. Koma chilolezo cha FCC sindicho chithunzi pa TV. Kampani ya setilaiti ikhoza kunena kuti tochi yake ya ku Denver sifika kumeneko, ndipo ngakhale ikufika, siteshoni ndi kampaniyo ziyenerabe kugwirizana za kanyamulidwe ndi mtengo.

Ifenso zinatikhudzapo

Amene anali ndi madikoda aulere a mtundu wa Philibao kapena Wiztech m'Malawi, Zimbabwe ndi Botswana akukumbukira kuti kale SABC 1, 2 ndi 3 zinkaoneka popanda kulipira. Mafundewo ankakwezedwa ndi Sentech, kampani ya boma la South Africa, kuti afike kwa nzika zake za m'madera osafika nsanja, anthu ofanana ndendende ndi mabanja osafikiridwa a ku America aja. Koma setilaiti sidziwa mtsinje wa Limpopo. Siteshoni ya eBotswana inakasuma ku khothi la ku Johannesburg, ponena kuti ikutaya oonera ndi malonda chifukwa mapulogalamu akulowa m'dziko lawo kuchokera kunja, ndipo mu 2012 inapambana. Dandaulo lake linali la wa depoti ya Mchinji lija. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America malire ali m'kati mwa dziko limodzi ndipo aphungu anasiyako kakhomo, pomwe kuno anali malire a mayiko ndipo panalibe lamulo lopatula aliyense. Sentech inatseka mafunde ake pakati pa chaka cha 2013, ndipo madikoda ambiri aja anatsala akuonetsa matchanelo a mapemphero.